Kaundula wa agogo: zolemba za mlembi wa komiti, Juni 2024 mpaka Malichi 2025

Juni 2024, sabata yachitatu

Agulupu anatiitanitsa pabwalo Loweruka, anthu asanu ndi awiri, mudzi uliwonse munthu mmodzi. Cholembera chinagwera ine poti ndine mphunzitsi, ndipo m'kope muno ndimo ndizilemba momwe ntchito ikuyendera, zokoma ndi zowawa zomwe.

Chatisonkhanitsa ndi maliro a agogo ena a kumtunda kwa dambo. Anawapeza atauma kale m'nyumba patapita masiku awiri, kambale ka phala kali pambali pa mphasa osakakhudza. Palibe anawachita chipongwe. Wa kumadzulo ankati wa kum'mawa wawazonda, wa kum'mawa ankati mdzukulu wawo wa ku Nathenje anabwera. Chisanu cha Juni kuno kumunsi kwa phiri la Nkhoma mukuchidziwa nokha. Pamaliro paja anthu anadya nsima mitu ili pansi.

Msonkhano utayamba, nkhani inali imodzi basi, mabulangete. Wina anati tilembe kalata ku mpingo, wina anati tikagwade kwa aphungu, wina anati ana athu a ku Joni asonkhe. Ine ndinangofunsa kuti mabulangetewo akhale angati. Amayi oimira chigwirizano anati mwina 40. Anyakwawa ena anati 200. Tinayang'anana. Anthu obadwira pano, okwatira pano, oika maliro pano, sitikudziwa kuti nkhalamba zathu zilipo zingati. Mwana wosakwana zaka zisanu alangizi a zaumoyo amamudziwa mpaka kulemera kwake, koma agogo ake sali m'buku la munthu aliyense. Tagwirizana kuti tiyambe ndi kuwerenga. Tasonkha ndalama ya kope lachikuto cholimba ndi zolembera zinayi.

Julayi, kumapeto

Tatha masabata atatu tikuyenda khomo ndi khomo, awiriawiri, ine ndikaweruka kusukulu. Tayambira pa zaka 60 chifukwa ndi pamene ndondomeko ya boma ya anthu achikulire, imene inatuluka mu 2016, imayambira kuwerenga.

Chotipweteketsa mutu chinali zaka. Ambiri ali ndi chiphaso cha unzika cha kalembera wa 2017, koma tsiku lobadwa lili pamenepo enaake anachita kuyerekeza, eni ake akuvomereza. Ndiye tinalemba kuchikuto zinthu zimene munthu wamkulu sangaiwale. Njala ya 1949. Kubwera kwa Kamuzu mu 1958. Ufulu mu 1964. Kusiya mapaundi ndi mashereni n'kuyamba kwacha ndi tambala mu 1971. Kutsekedwa kwa ulendo wa Wenela, wopita kumigodi ya ku Joni, mu 1974, ndege ija itagwa ku Francistown ndi anthu athu. Likulu kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Tikafika pakhomo sitifunsa kuti munabadwa liti, timafunsa kuti ndalama zikusintha munali ndi mwana kumsana kapena munali musanavinidwe. Agogo ena anandiyankha kuti, "Mwanawe, pa njala ija ine ndinali nditayamba kusenza kamtsuko." Tinawalemba zaka 82, ndipo ndikhulupirira sitinaphonye patali.

Njira imeneyi yachedwetsa ntchito, chifukwa ukangotchula Wenela kwa bambo wachikulire, khala pansi, dzuwa likulowera pompo. Sindikudandaula. Pamakomo ena tinaona kuti ife ndife oyamba kukhala nawo pansi chiyambire mwezi.

Wobadwa chaka cha ufulu akukwanitsa 60 chaka chino, ndipo amenewa ndi amene anavuta. "Ine nkhalamba? Ekala yonse ija ndimalima ndekha, aphunzitsi." Tasiya kugwiritsa ntchito mawu oti nkhalamba, tikungoti achikulire.

Tapeza anthu 148 m'midzi isanu ndi iwiri. Amayi ndi 93. Ogona okha m'nyumba, opanda ngakhale kamdzukulu kowatuma, ndi 31. Olera adzukulu popanda bambo kapena mayi wa anawo pakhomo ndi 52. Kalembera wa dziko lonse wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo a zaka 60 kupita mtsogolo anali pafupifupi asanu mwa anthu 100 aliwonse. Ukamva kuti asanu umati n'zochepa. Koma asanuwo akasonkhana ndi anthu oyandikira 900,000.

Ogasiti, sabata yachiwiri

Tinabwereranso ndi funso limodzi: chimakuvutani kwambiri n'chiyani. Ndinkayembekeza chakudya ndi chofunda, ndipo zinatchulidwadi, makamaka chaka chino chimene mvula inadula pakati mpaka Pulezidenti Chakwera analengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Koma zimene zinabwera kawirikawiri ndi zina.

Madzi. Mjigo ulipo, si patali, koma kupopa kumafuna msana ndi mapewa, ndipo chidebe cha malita 20 sichikwera pamutu pa munthu wa nyamakazi. Agogo ena amadikira pamjigo mpaka pabwere mwana wachifundo. Ena amatunga ndi kabotolo, kanayi patsiku, ndiye kusamba kumakhala kwa pa sabata.

Chimbudzi. Nkhani imeneyi amayi anauza amayi anzawo, ine sanandiuze. Kunjuta kumatheka, kudzuka ndiye nkhondo. Mayi wina anakhala m'chimbudzi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kutuluka, manyazi oitana munthu. Chifukwa cha zimenezi ena amachepetsa dala kudya ndi kumwa madzi madzulo. Ndinali ndisanaganizepo kuti munthu angamagone ndi ludzu poopa chimbudzi chake chomwe.

Kenako maso, denga lodontha, nkhuni, ndi kusowa wocheza naye. Bambo wina amene anagwira ntchito kumigodi anati, "Chimanga mwana wanga amatumiza. Koma pakamwa pano pamatha tsiku osatsegulidwa."

Tabweza maganizo a kalata ya mabulangete. Tiipereka, koma isakhale mutu wa ntchito.

Ogasiti, kumapeto

Lero pachitika chinthu chimene chasintha kope lonse. Tikuwerengera manambala pakhonde pa agulupu, mayi wa komiti yathu, mwini wake wa zaka 58, anati, "Nanga ife tili pakhomo polowera, mutilemba liti? Mudikira tigwe kaye?" Tinaseka, koma mawu aja anakhala. Tinatsegula tsamba lina kumbuyo kwa kope, la anthu a zaka 50 mpaka 59.

Tawapeza 119. A zaka 60 mpaka 69 m'kaundula woyamba uja alipo 74 okha. Ndiye kuti gulu limene likubwera ndi lalikulu kuposa limene lili kutsogolo kwake, ndipo kumbuyo kwa ilo kuli lina lalikulu kuposa pamenepo. Zifukwa zake tikuzidziwa tonse amene tinaona zaka za m'ma 1990. Nthawi ija manda ankadya anthu a zaka 30 ndi 40, ndipo agogo amene tikuwalemba lero ndi amene anaika ana awo n'kutsala ndi adzukulu. Chiyambire 2004, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala, anthu anasiya kufa ngati kale. Mwana wobadwa cha m'ma 2000 ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosafika 50, lero zapitirira 60. Imeneyi ndi nkhani yabwino, tinaipempherera. Koma sitinakonze pokhala anthu amene Mulungu watisungira.

Ndinafunsa a m'tsamba lachiwiri kuti ndani ali ndi penshoni. Anayi: aphunzitsi awiri, msilikali wopuma, ndi mlonda wa kampani ina ya mu mzinda. Lamulo la penshoni limati bwana aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Limathandiza amene ali ndi bwana. Mlimi wa mtedza ndi soya bwana wake ndi khasu, ndipo penshoni yake kuyambira kale inali ana. Anawo lero ali ku Mchesi, ku Area 25, ku Johannesburg, ku Cape Town, ndipo a zaka 50 a lero abereka ochepa kusiyana ndi makolo awo. Dzina langa ndalilemba pa nambala 37 m'tsamba lachiwiri. Ndili ndi zaka 56.

Kuyambira lero, chilichonse tikufuna kuchita tizidzifunsa ngati chidzakhalapobe anthu 119 awa akadzawoloka. Bulangeti silidzafika. Chimbudzi chomangidwa bwino, tsiku la sikelo, ndi lamulo la pamudzi zikhoza kufika.

Sepitembala

Alangizi a zaumoyo atimvera. Tsiku limene amayeza ana pansi pa mtengo wa mkuyu, akamaliza ana, aziyeza achikulire kuthamanga kwa magazi. Makina a mabatire tagula amodzi ndi ndalama imene ana a mudzi uno okhala kunja anatumiza pa foni. Tsiku loyamba anabwera 41, ena pa kabaza, ena atagwira ndodo, mayi wina pa wilibala ya mdzukulu wake.

Oposa theka anapezeka ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo anali asanayezedwepo chibadwire. Matenda amenewa salira. Munthu amangoti mutu, chizungulire, kenako tsiku lina wagwa m'munda, mbali imodzi yafa, kukamwa kwapotoka, ndipo pamudzi pamayamba kunong'onezana kuti wamenyedwa hamala. Alangizi anafotokoza bwino kuti mtsempha wa m'mutu ukatsekeka kapena kuphulika, ziwalo zimafa, ndipo mchere wambiri ndi fodya zimathandizira. Ndinaona anyakwawa ena akumvetsera mwachidwi, chifukwa milandu yotere imathera pabwalo pawo.

Vuto labwera pa mankhwala. Tinatumiza anthu 17 kuchipatala chaching'ono chimene timadalira, ndipo ena anabwerako ndi kapepala koti akagule. Mankhwala a BP sali ngati a malungo oti masiku atatu watha, ndi a tsiku ndi tsiku mpaka kalekale. Kumuyeza munthu, kumuuza kuti ali pangozi, kenako kumusiya ndi kapepala, ndi chinthu chimene chandisowetsa tulo. Takambirana ndi komiti ya chipatalacho kuti kaundula wathu azipita nawo akamaitanitsa mankhwala, kuti nambala ya odwala izidziwika. Tiona.

Za maso zayenda bwino koposa. Tili ndi mwayi kuti chipatala cha Nkhoma chimadziwika dziko lonse pa ntchito yochotsa ng'ala, ndipo anthu amachokera kutali kudzachitidwa opaleshoni pomwe ife tili pafupi. Chimene chinkawatsekereza agogo athu si mtunda ayi, ndi mantha ndiponso kusowa wowaperekeza. Ankamva kuti amachotsa diso n'kuliika m'mbale. Tinayamba ndi bambo mmodzi wolimba mtima. Atabwerako n'kumasula bandeji, anayang'ana mdzukulu wake amene wakhala akumutsogolera ndi ndodo zaka zitatu, nati, "Kani wakula chonchi iwe?" Mtsikanayo anasiya sukulu ali sitandade 5 chifukwa cha ntchito yotsogolera agogo ake. Lolemba lapitali ndamuona pamzere wa asembule. Ena asanu ndi mmodzi alembetsa kuti apite.

Okutobala, sabata yoyamba

Pa 1 Okutobala ndi tsiku lokumbukira anthu achikulire padziko lonse. Sitinachite zovina. Agulupu anaitanitsa midzi yonse ndipo tinafotokoza kuti chaka chino Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, limene mabungwe oimira achikulire ngati MANEPO akhala akulimenyera zaka zambiri. Ndinakumbutsanso za lamulo lakale la 1911, limene limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo wonenayo ndi amene amamangidwa. Ambiri sankadziwa. Ena anang'ung'udza.

Sipanapite masiku anayi lamulo lija linayesedwa.

Mayi wina wa zaka za m'ma 80, ali pa nambala 112 m'kaundula, anapezeka usiku kuseri kwa nyumba ya eni ake, atavula, akuitana dzina la mchemwali wake amene anamwalira kalekale. M'nyumba imeneyo munali mwana wodwala. Pofika m'mawa anyamata anali atasonkhana, wina atanyamula kale chigubu cha petulo wa njinga yamoto. Anandidzutsa ndi amayi a chigwirizano, ndipo tinathamanga ine ndi anyakwawa. Chimene chinatipulumutsa ndi kope. Mu Julayi tinali titalemba pambali pa dzina lawo zimene mwana wawo anatiuza: amaiwala kuti adya, amasochera pochokera kuchimbudzi, amatcha mdzukulu dzina la malemu amuna awo. Ndinawerenga mokweza pamaso pa gulu, ndi tsiku limene tinalemba. Ndinati awa ndi matenda a ubongo amene amagwira ena akakalamba, ali ndi dzina kuchipatala, ndipo agogo awa sanabwere kudzatamba, anasochera pofuna kwawo kumene anakulira. Anyakwawa anaima pakhomo nati amene akufuna kuwotcha ayambe ndi iwo. Alangizi anatenga mwana uja, anapezeka ndi malungo.

Ndinabwerera kunyumba miyendo ikunjenjemera. Ndinkakumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pamene achikulire anayi a banja limodzi anaphedwa mtsikana wina atawombedwa ndi mphenzi. Tinamva pawailesi n'kumati ndi zakutali. Anyamata amene anasonkhana m'mawa uja ena ndinawaphunzitsa ndekha, ndipo si zigawenga. Ndi ana amene sanauzidwepo kuti mutu umadwala ngati mwendo. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma nthawi zino moto ukuyatsidwa pa akuluakulu pomwepo, makamaka amayi amasiye amene ali ndi munda wabwino. Zimenezo nazonso ndaziona m'kope: mwa amayi asanu amene anatiuza kuti ananenedwapo ufiti, anayi ali pa mkangano wa malo ndi achibale.

Tagwirizana zitatu. Aliyense woiwalaiwala alembedwe msanga ndipo oyandikana naye auzidwe usana, zinthu zisanavute. Mphekesera ya ufiti ikangomveka, ifike kwa anyakwawa tsiku lomwelo, ndipo ikakula ipite kupolisi ya m'mudzi. Ine ndapempha ahedi kuti andipatse mphindi khumi pa asembule kamodzi pamwezi.

Novembala

Madenga. Tinawerenga nyumba 23 zofuna kufolera mvula isanagwe. Tafolera 9. Udzu wakwera mtengo chifukwa madambo ambiri analimidwa, pepala la pulasitiki lakwera chikwerere kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chatha, ndipo anyamata amene analonjeza Loweruka lililonse anabwera kawiri, kenako aliyense anathamangira ganyu. Sindingawadzudzule, kwawonso kulibe ufa. Cholakwa ndi chathu, ntchito ya Ogasiti tinaiyamba mu Okutobala. Chaka chamawa udzu tidzamweta mu Juni ndi Julayi n'kusunga kwa anyakwawa.

Zimbudzi zayenda. Mmisiri wa m'mudzi mwathu wapeza njira yotchipa: kampando ka njerwa kozungulira dzenje, kotalika kufika m'mawondo, kopaka simenti pang'ono pamwamba, ndi mtengo wolimba wozikidwa pambali wogwirira podzuka. Thumba limodzi la simenti likukwanira zimbudzi zisanu. Tamanga 14. Chondisangalatsa n'chakuti mabanja atatu a m'tsamba lachiwiri amangitsa zawo ndi ndalama zawo, osapemphedwa. Agulupu anena kuti aliyense wokumba chimbudzi chatsopano aziuzidwa za kampandoka.

Pamjigo, komiti ya madzi yavomera kuti achikulire 31 ogona okha asamapereke ndalama ya mwezi, ndipo mabanja oyandikana nawo apatsana masiku otungira. Midzi inayi zikuyenda, itatu zikutsimphina.

Januwale 2025

Njala yafika pachimake ndipo zambiri zaima. Sikelo ya BP ya Disembala anabwera 12 okha. Agogo ambiri ali m'minda ya eni ake kupalira, kusiya yawo ikumera thengo, ndipo amalipidwa mochepa chifukwa amachedwa kumaliza ndime. Amene amamwa ma ARV, alipo angapo a zaka zopitirira 60 amene anatiuza okha, akudandaula kumwa mankhwala m'mimba muli gwa.

Tafananitsa kaundula wathu ndi amene amalandira Mtukula Pakhomo. Ndondomeko imeneyi inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo imatenga mabanja khumi mwa 100 aliwonse, osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ambiri olandira kuno ndi achikulire ndithu, ndipo kandalamako kamasunga moyo. Koma malire a khumi aja amadula pakati pa anthu ofanana. Pali amayi awiri oyandikana makomo, onse amasiye, onse olera adzukulu atatu, wina amalandira, wina ayi, ndipo anasiya kupatsana moto. Maganizo anga ndi akuti ukalamba usamachite kupikisanirana. Lesotho, dziko laling'ono losalemera, linayamba mu 2004 kupereka penshoni kwa nzika za zaka 70 kupita mtsogolo. Zanzibar inayamba mu 2016, Kenya inatsatira mu 2018. Kumeneko safunsa kuti wasauka motani, amafunsa zaka. Pakhala pakukambidwa zoti kunonso zitero, ndipo ngati zidzatheke, funso loyamba lidzakhala lomwe tinayamba nalo mu Juni: alipo angati, ali kuti, ali ndi chiphaso kodi. M'kaundula mwathu 19 alibe chiphaso, china chinatayika, china chinapsa, ena sanajambulitse n'komwe chifukwa nthawi ya kalembera anali chigonere. Popanda chiphaso palibe feteleza wotsika mtengo, palibe nambala ya foni ya dzina lako. Tapereka mayina 19 aja kwa agulupu kuti asaine makalata.

Nkhani ina yowawa ndi ya ndalama za pafoni. Mwana ali ku Joni amatumiza, uthenga umafika pa foni ya mdzukulu, agogo amalandira theka kapena samva n'komwe. Tapeza makomo asanu otere. Sitinapite nazo pabwalo. Tinaimbira ana awo, ndipo tsopano akatumiza amadziwitsanso mayi wa komiti wa mudzi umenewo.

Gulu lina la banki m'khonde linakana mayi wa zaka 67 ati angafe ndi ngongole. Mayiyo amaumba mbaula ndipo sanakhalepo ndi ngongole ya munthu. Achikulire asanu ndi atatu ayambitsa gulu lawo, amakumana Lachinayi. Masheya awo ndi ochepa, koma bambo uja wa pakamwa posatsegulidwa ndi amene amasunga kiyi mmodzi, ndipo akuti msonkhano wawo sutha msanga.

Febuluwale

Tinapita ku VDC, komiti ya chitukuko ya midzi yathu, ndi pepala la masamba awiri. Mapulani a chitukuko a m'midzi mwathu ndawaona kwa zaka zambiri: buloko ya sukulu, mlatho, mjigo, nyumba ya mphunzitsi. Zonse n'zofunika. Koma mawu oti achikulire amapezeka pamzere umodzi wa "anthu ovutika", pamodzi ndi ana amasiye ndi olumala, popanda nambala, popanda ntchito. Wapampando poyamba anati nkhani ya agogo ndi ya mipingo ndi mabanja. Ndinatsegula tsamba lachiwiri n'kumuonetsa dzina lake, nambala 64. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Werengani pepala lanulo, aphunzitsi."

Tapempha zinthu zoti zilowe m'mapulani opita ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse, ndi kukhonsolo. Kachipinda ka sikelo kamene kakufuna kumangidwa kakhale ndi benchi, khomo lopanda masitepe ndi chimbudzi cha kampando, kuti katumikire ana m'mawa ndi achikulire masana. Mjigo watsopano ukumbidwe kumtunda kwa dambo, kumene kuli achikulire ambiri ogona okha, osati pafupi ndi msewu pamene pali kale iwiri. Pa chithandizo chilichonse cha chakudya, ofooka azilandirira pakhomo kapena kudzera mwa munthu amene asankha okha pamaso pa anyakwawa, m'malo moima pamzere tsiku lonse. Ziwiri zoyamba zalembedwa. Yachitatu ati akafunse.

Za minda sitinazikhudze mokwanira. Tikufuna kuti wachikulire aliyense anene pamaso pa ankhoswe ndi anyakwawa, akadali ndi nzeru zake zonse, kuti munda wake akulima ndani, adzasiyira ndani, ndipo amene akulimayo azimupatsa chiyani. Anthu akuopa, ati kutero n'kudziitanira imfa. Awiri okha avomera.

Malichi, sabata yachiwiri

Ndakhala pansi ndi kope kuwerenganso. Chiyambire Julayi tadula mzere pa mayina 11. Onse anamwalira pali munthu pambali, ndipo izi ndafunsa khomo ndi khomo kuti nditsimikize. Mayi wa nambala 112 ali moyo, amagona ndi mdzukulu wamkazi, ndipo pachitseko anamangirira kabelu ka njinga. Obadwa mu 1965 amene awoloke chaka chino kuchoka tsamba lachiwiri kulowa loyamba ndi 13. Tachotsa 11, tikulowetsa 13, ndipo m'tsamba lachiwiri mukulowa 18 obadwa mu 1975.

Zimene zatsala: nyumba 14 zosafolera, ziwiri mwa izo khoma lanyowa ndipo eni ake tawasamutsira kwa achibale mpaka mvula ithe. Ziphaso 19, makalata asainidwa koma ulendo wa kuboma sunatheke, tikufuna galimoto imodzi yoti onse apite tsiku limodzi. Mankhwala a BP mwezi uno analipo, mwezi watha kunalibe. Opaleshoni ya maso apita anayi, atsala awiri amene akudikira kukolola. Makina a BP akufuna mabatire, ndipo lamba wake wayamba kung'ambika. Midzi itatu ya pamjigo ija tikaionenso.

Gulupu woyandikana nafe watumiza munthu kudzafunsa momwe tinayambira. Ndamukopera mndandanda wa zaka uja wa kuchikuto, kuyambira njala ya 1949, ndipo ndamuuza kuti agule kope lalikulu kuposa lathu, asiye masamba ambiri kumbuyo. Msonkhano wotsatira uli Loweruka loyamba la Epulo kwa agulupu, 2 koloko masana. Nkhani ndi udzu: dambo liti, ndani amweta, tisunga kwa yani.